Tsiku Limodzi ku Athens: Kuphunzira Kuona Monga Paulo

Tinali ndi tsiku limodzi lokha mumzinda wa Athens, likulu la dziko la Greece, ndipo tsikulo linali Lachisanu. Pagulu pathu tinalipo ophunzira anayi ndi mphunzitsi wathu wa Baibulo, amenenso ndi abusa. Tisanatuluke n'komwe m'nyumba ya alendo, mkangano unabuka. Mnyamata wina, amene akuphunzira za ubusa, ananena mosapsatira mawu kuti iye sangawononge ndalama zake kugula tikiti yokaonera akachisi a mafano. Mtsikana wina anali atatchaja kale foni, ndipo nkhawa yake inali yakuti tifike msanga anthu asanachuluke, kuti zithunzi zituluke bwino. Awiri otsalafe tinangokhala chete, chifukwa mbali ina ya mtima wathu inali ndi mnyamatayo ndipo mbali ina inali ndi mtsikanayo.

Abusa sanaweruze mlanduwo. Anangoti, "Ana anga, tsekulani Machitidwe 17, kuyambira vesi 16 mpaka 34. Pali mlendo wina amene anayenda mumzinda uno ife tisanabwere. Tione kaye mmene iye anayendera."

Phunziro lino lachokera pa tsiku limenelo. Tikupemphani kuti muwerenge ndimeyi musanapitirire, ndipo Baibulo likhale lotsekula pambali panu. Ambiri a ife mwina sitidzafika ku Athens, koma tonse tikamaliza maphunziro tidzalowa m'mizinda, m'maofesi ndi m'masukulu odzaza ndi zinthu zokongola ndi nzeru zakuya zimene sizilemekeza Mulungu wathu. Kodi zinthu zotere tiziziyang'ana bwanji?

Mlendo amene anali kudikira anzake

Paulo anafika ku Athens, kumene Baibulo lathu limati Atene, cha m'ma 50 kapena 51 AD, pa ulendo wake wachiwiri wofalitsa uthenga. Sanabwere mwa pulani yake. Adani ake ochokera ku Tesalonika anamutsatira mpaka ku Bereya, ndipo abale anamuthawitsa n'kumuperekeza ku Athens, Sila ndi Timoteo atatsala m'mbuyo. Motero anali yekha, ali ndi nthawi yoyendayenda podikira anzakewo.

Pa nthawiyo Athens inali pansi pa ulamuliro wa Aroma. Mphamvu zake pa ndale zinali zitatha, ndipo likulu la chigawo cha Akaya linali ku Korinto. Koma pa maphunziro mzindawu unali wotchukabe, moti mabanja olemera a ku Roma ankatumiza ana awo kumeneko kukaphunzira.

Luka akutiuza zinthu ziwiri za mmene Paulo anaonera mzindawu. Pa vesi 16 tikumva kuti mtima unamuwawa ataona kuchuluka kwa mafano. Pa vesi 23 Paulo mwini akufotokoza kuti anayenda n'kumayang'anitsitsa zimene anthuwo ankapembedza, mpaka kuwerenga zolembedwa pa maguwa awo. Sanadzitsekere m'nyumba kuopa kudetsedwa, komanso sanatengeke ndi kukongola n'kuiwala amene anamutuma. Titawerenga zimenezi mnyamata uja anati, "Chabwino abusa, ndipita nawo. Koma ine sindijambula."

M'mawa: pamwamba pa Acropolis

Tinakwera sitima yapansi pa nthaka, kenaka tinayamba chitunda wapansi dzuwa lisanatenthe. Acropolis ndi thanthwe lalikulu lophwatalala pamwamba, lotalika mamita pafupifupi 150 kuchokera pamene pali nyanja, ndipo limaonekera kuchokera mbali zambiri za mzinda. Munthu amalowera pa chipata chachikulu chotchedwa Propylaea. Ukangotuluka pachipatapo, Parthenon imakhala patsogolo pako chakumanja.

Kachisi ameneyu anayamba kumangidwa mu 447 BC, ndiko kuti Yesu asanabadwe, pa nthawi ya mtsogoleri Pericles, ndipo ntchito yonse inatha mu 432 BC. Okonza mapulani anali Ictinus ndi Callicrates, pamene woyang'anira zosemasema anali Phidias. M'litali ndi mamita pafupifupi 70, m'lifupi pafupifupi 31, ndipo kunja kwake kunazunguliridwa ndi nsanamira 46. Miyala yoyera ya mabo anaisenza kuchokera ku phiri la Pentelicus, mtunda wa makilomita pafupifupi 16. Mkati munali fano la mulungu wamkazi Athena, lotalika mamita pafupifupi 12, lokutidwa ndi golide ndi minyanga ya njovu. Pamene Paulo ankayang'ana nyumbayi, inali itakhala kale zaka pafupifupi 500, ili yathunthu ndi denga lomwe.

Tisaname: malowa ndi okongola. Ngakhale mnyamata wathu uja anaima kukamwa kuli yasa. Abusa anatikumbutsa kuti luso losema miyala ndi kusula golide ndi mphatso ya Mulungu, monga tiwerenga za Bezaleli pa Eksodo 31. Tchimo la Aatene silinali luso lawo, koma kumene analozetsa lusolo. Anatenga mphatso ya Mlengi n'kupangira chinthu choti chikhale m'malo mwa Mlengiyo.

Mbiri ya nyumbayi nayo ndi phunziro. Patapita zaka mazana angapo Paulo atachoka, Parthenon inasandutsidwa tchalitchi. Aturuki atalanda mzindawu inakhala mzikiti. Mu 1687, pa nkhondo ya pakati pa Aturuki ndi asilikali a ku Venice, Aturuki anasungamo wonga wa mfuti, bomba linagwerapo, ndipo pakati pa nyumbayo panaphulika. Kuyambira mu 1801 Lord Elgin anachotsa zosemasema zambiri, zimene lero zili ku British Museum ku London, ndipo boma la Greece likupemphabe kuti zibwezedwe. Fano lagolide lija linasowa kalekale. Pafupi pomwepo pali kachisi wina, Erechtheion, amene khonde lake lagwiriziridwa ndi zosema zisanu ndi chimodzi za akazi. Zimene alendo amajambula lero ndi zongofanizira, popeza zenizeni zisanu zili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Acropolis Museum, imene inatsekulidwa mu 2009, ndipo chimodzi chili ku London.

Ife amene tinakula tikumva za fano la pa Danieli 2 sitingaime pamalo otere osakumbukira mimba ndi ntchafu zamkuwa. Ufumu wa Agriki, umene Danieli 8:21 akuutchula ndi dzina, unafalikira ndi Alexander Wamkulu patapita zaka pafupifupi 100 Parthenon itamangidwa, kenaka unagonja kwa Aroma. Zimene tinkaziona pa tchati m'kalasi, apa tinali kuziponda ndi mapazi.

Masana: pamsika wa Agora

Kuchoka pa Acropolis tinatsetserekera kumpoto chakumadzulo, ku Agora, msika ndi bwalo lalikulu la mzinda wakale. Luka akuti Paulo ankakambirana ndi Ayuda m'sunagoge, koma pamsika uwu ankabwerapo tsiku ndi tsiku kulankhula ndi aliyense amene wamupeza. Lero pali mabwinja ndi mitengo, koma zinthu ziwiri zimathandiza munthu kuona mmene panalili. Pakachitunda ka kumadzulo pali kachisi wa Hephaestus, mulungu wa osula zitsulo, amene akadali chiimire ndi nsanamira zake. Kum'mawa kuli khonde lalitali la nsanjika lotchedwa Stoa ya Attalos, limene linaliponso m'masiku a Paulo ndipo linamangidwanso pakati pa 1953 ndi 1956. Tinakhala pamthunzi wa khonde limeneli n'kuwerenganso vesi 18.

Vesili likutchula magulu awiri a anthanthi amene anatsutsana ndi Paulo. Aepikureya anali otsatira a Epicurus, amene ankaphunzitsira m'munda wake mumzinda momwemu. Iwo ankati zinthu zonse zinapangika ndi tizidutswa tating'onoting'ono togundana popanda wotitsogolera, milungu ilipo koma ilibe nawo ntchito anthu, ndipo munthu akafa zake zathera pomwepo. Choncho chofunika ndi kukhala ndi mtendere wamumtima n'kupewa zowawa. Astoiki anali otsatira a Zeno wa ku Citium, amene anayamba kuphunzitsa cha m'ma 300 BC pa khonde lina kumpoto kwa msikawu. Dzina lawo linachokera ku liwu lachigriki lotanthauza khonde, moti tikhoza kuwatcha anthu apakhonde. Iwo ankati umulungu ndi nzeru imene yalowerera m'chilengedwe chonse, zonse zimachitika monga zinaikidwiratu, ndipo munthu wanzeru amapirira osadandaula.

Titamva zimenezi tinayang'anana, chifukwa anthu amenewa timawadziwa. Alipo m'mabuku athu a sayansi, pa intaneti, ndiponso m'zipinda zathu zogona. Wina amati dziko linangokhalapo lokha, tidye tisangalale. Wina amati zonse zinalembedwa kale, palibe chimene pemphero lingasinthe.

Anthanthiwo anamunyoza Paulo ndi liwu limene m'Chigriki limanena za mbalame yotolatola njere, kutanthauza munthu wotola timawu apa ndi apo popanda kumvetsa. Ena anati akulalikira milungu yachilendo. Mawu amenewa sanali opepuka ku Athens. Mu 399 BC mzinda womwewu unaweruza Socrates kuti amwe chiphe, ndipo umodzi mwa milandu yake unali wobweretsa milungu yatsopano. Paulo anadziwa kuti akulankhula pamalo oterera, komabe anabweranso mawa lake.

Guwa limene sitinalione

Mtsikana uja anafunsa kuti, "Abusa, nanga guwa lija la mulungu wosadziwika lili pati? Ndikufuna ndilijambule." Abusa anaseka n'kunena kuti guwa limene Paulo anawerenga silinapezeke. Koma wolemba wina wachigriki, Pausanias, amene anayendera dzikolo patapita zaka pafupifupi 100, analemba kuti ku Phaleron, doko lakale la Athens, kunali maguwa a milungu yotchedwa yosadziwika.

Taganizirani. Mumzinda wa akachisi akuluakulu, chimene Paulo anatola chinali guwa lopanda dzina, limene mlendo wothamangira zithunzi akanalidutsa, ndipo mlendo wotseka maso sakanaliona n'komwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Guwalo linali kuvomereza kwa Aatene kuti pa milungu yawo yonse panali chosowa, ndipo ankaopa kuti mwina pali wina amene amuiwala. Paulo anaona njala imeneyo chifukwa anayang'ana anthuwo mwachidwi, ndipo ulaliki wake unayambira pamenepo.

Njala yathu ifenso inali itafika. Tinatulukira ku Monastiraki, kumene kuli timalesitilanti tambiri, ndipo fungo la nyama yowotcha linatikoka. Koma safunsa anadya phula. Titafunsa, tinauzidwa kuti nyama yambiri yowotcha pa timitengo, imene amati souvlaki, imakhala ya nkhumba. Tinadya msuzi wa nyemba wotchedwa fasolada, ndi tomato, nkhaka ndi buledi. Tinagulanso koulouri, buledi wozungulira wowazidwa chitowe, ndi zipatso zoti tidye pa Sabata, kuti zogula zonse zithe dzuwa likadalipo. Mayi wogulitsa anadabwa kuti anthu onyamula Baibulo akukana nkhumba, ndipo mnyamata wathu uja ndi amene anawafotokozera, mwaulemu, kwa mphindi zingapo.

Madzulo: pa thanthwe la Areopagus

Dzuwa litapendeka tinabwerera chakumtunda, ku Areopagus, kumene Baibulo limati Areopagi. Ndi thanthwe lopanda nyumba, pafupi ndi chipata cha Acropolis. Miyala yake ndi yoterera chifukwa cha mapazi a anthu, moti pambali pa makwerero akale osemedwa m'thanthwe anaikapo ena achitsulo. M'munsi mwake muli chikwangwani chamkuwa cholembedwa ulaliki wa Paulo m'Chigriki. Dzina lakuti Areopagus linkatanthauza thanthweli komanso bwalo la akuluakulu limene kale linkaweruza milandu ya kupha munthu. Munthu ukaima pamwamba, Acropolis imaoneka pafupi kwambiri, ndipo msika uja uli m'munsi.

Pamenepo tinawerenga mavesi 22 mpaka 31, ndipo tinapezamo mfundo zinayi.

Choyamba, Paulo anayamba ndi ulemu. Anavomereza kuti anthuwo ndi opembedza kwambiri, n'kutchula guwa lawo lomwe. Sanawerenge mndandanda wa aneneri achihebri kwa anthu amene sankawadziwa, koma anatchula alakatuli awo. Mmodzi mwa iwo anali Aratus, wochokera ku Kilikiya, chigawo cha kwawo kwa Paulo. Izi zikutanthauza kuti Paulo ankadziwa zolemba za anthu amene sankagwirizana nawo.

Chachiwiri, analalikira Mlengi. Ananena kuti Mulungu amene analenga zonse sakhala m'nyumba zomangidwa ndi anthu, sasowa kanthu kwa ife, ndipo sangafanizidwe ndi golide, siliva kapena mwala wosemedwa. Mawu amenewa amamveka mwina ukawawerengera mumzinda umene Parthenon imaonekera paliponse. Ulemu wa Paulo sunamulepheretse kunena zoona.

Chachitatu, ananena kuti mitundu yonse inachokera kwa kholo limodzi. Aatene ankadzitama kuti makolo awo anaphuka m'nthaka ya dziko lawolo, ndipo ankapeputsa anthu osalankhula Chigriki. Mumzindamo munalinso akapolo ambiri. Ife tinali anthu akuda ochepa pakati pa khamu la alendo, ndipo vesi 26 inatilimbikitsa. Koma abusa anatitembenuzira vesi lomwelo. Anafunsa ngati pa masankho a atsogoleri a ophunzira timasiya kufunsa kuti uyu ndi Mchewa, Mtumbuka, Myao, Mlomwe kapena Msena. Panalibe anayankha.

Chachinayi, anawaitana kuti alape, chifukwa Mulungu anaika tsiku la chiweruzo, ndipo chitsimikizo chake ndi kuuka kwa Yesu kwa akufa. Apa ndi pamene msonkhano unasokonekera. Kwa Aepikureya imfa inali mathero a zonse. Kwa otsatira a Plato mzimu sufa, ndipo thupi ndi ndende imene mzimu umamasukamo. Kuuka kwa thupi kunalibe malo m'maganizo onsewa. Paulo akanatha kungonena kuti mizimu ya anthu abwino imapita kumalo abwino, ndipo ambiri akanavomera. Sanatero, chifukwa chiyembekezo cha m'Baibulo ndi kuuka kwa akufa pa kubweranso kwa Yesu.

Tsopano tsekulani Chivumbulutso 14:6, 7 ndi kufananitsa. Mngelo woyamba akulankhula kwa mitundu yonse, akulengeza chiweruzo, ndipo akuitana anthu kuti alambire Mlengi. Ndi mfundo zomwezo zimene Paulo anapereka kwa anthu ophunzira amene analibe Baibulo. Uthenga umene mpingo wathu unapatsidwa ukhoza kunenedwa pamaso pa anthu a madigiri, ngati wounenayo wayamba wawamvetsa.

Kodi Paulo analephera?

Ena anaseka, ena anati adzamvanso tsiku lina, ndipo ochepa anakhulupirira. Luka akutchula awiri: Dionisiyo, mmodzi wa akuluakulu a bwalolo, ndi mayi wina dzina lake Damarisi. M'Chipangano Chatsopano mulibe kalata yopita ku mpingo wa ku Athens. Mayi Ellen White, m'buku lawo la The Acts of the Apostles la 1911, mitu 23 ndi 24, akufotokoza kuti ku Athens Paulo anayankha anthanthi pogwiritsa ntchito nzeru zawo zomwe, ndipo ataona kuti zipatso zinali zochepa, anatsimikiza kuti ku Korinto akhazikike pa Khristu wopachikidwa. Werengani 1 Akorinto 2:1-5. Ili ndi chenjezo kwa ife okonda mtsutso. Kudziwa maganizo a anthu kumatsekula khomo, koma wotembenuza mtima ndi Yesu.

Komabe ntchitoyo sinapite pachabe. Msewu wa oyenda pansi umene tinadzera madzulo amenewo umatchedwa Apostolou Pavlou, ndiko kuti wa Mtumwi Paulo. Umalumikizana ndi umene tinadzera m'mawa, kum'mwera kwa Acropolis, wotchedwa Dionysiou Areopagitou, dzina la Dionisiyo uja. Alendo ochuluka opita ku kachisi wa Athena amayenda pa misewu ya mlaliki amene anasekedwa ndi munthu amene anamukhulupirira.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, mnyamata uja anatembenukira kwa mtsikana uja n'kunena kuti, "Achemwali, tikatsika mundijambulireko chikwangwani chija, ndikaonetse kumpingo kwathu." Anatsika msanga, anajambula, ndipo atabwerera mtsikanayo anazimitsa foni n'kuiika m'chikwama. Pathanthwepo panali achinyamata ambiri odzaonera kulowa kwa dzuwa. Ife tinakhala pambali, tinaimba chapansipansi, ndipo abusa anapemphera kutsekulira Sabata. Anapempherera mayi wogulitsa buledi uja, alendo amene anatizungulira, ndi ife tomwe, kuti tikabwerera kusukulu tikhale ndi maso oona ndi mtima womva chisoni.

Mafunso okambirana

1. Werenganinso Machitidwe 17:16 ndi 23. Pa zinthu ziwirizi, kuyang'anitsitsa ndi kuwawidwa mtima, n'chiti chimene inu chimakusowani kawirikawiri?

2. Pa maphunziro amene mukuchita, ndi buku kapena chiphunzitso chiti chimene chimatsutsana ndi chikhulupiriro chanu? Kodi mungathe kuchifotokoza moti wochikhulupirira avomereze kuti mwachimvetsa, musanayambe kuchiyankha?

3. Ganizirani mnzanu mmodzi amene sapemphera nafe. Kodi ndi kusowa kotani kumene iye mwini amavomereza m'moyo wake, kumene mungayambirepo kucheza naye za Mulungu?

4. Paulo sanabise za kuuka kwa akufa ngakhale ankadziwa kuti ena aseka. Ndi choonadi chiti chimene mumayesedwa kuchibisa mukakhala pakati pa anthu ophunzira? Sabata, chiweruzo, kapena zimene zimachitika munthu akafa?

5. Machitidwe 17:26 ikutanthauza chiyani pa mmene timasankhira anzathu ndi atsogoleri athu pasukulu pano?

Zochita sabata ino

Sankhani malo amodzi amene mumadutsa nthawi zonse, kaya ndi msika, siteji ya minibasi kapena chipinda chodyera. Khalanipo kwa theka la ola foni ili m'thumba. Onani zimene anthu akudalira, zimene akuopa ndi zimene akulakalaka. Lembani zinthu zitatu, muzipempherere, ndipo mubwere nazo ku kalasi ya Sukulu ya Sabata kuti tidzakambirane.